Madzi a pampopi akutuluka ofiira, akununkha kapena sakuchita thovu? Yambani ndi tambula musanagule fyuluta

Nkhani ya madzi a pampopi mu tauni imabwerabwera ndipo siitha, lero atuluka ofiira, mawa akununkha mankhwala, sabata yamawa mwatsegula ketulo mwapeza pansi pake pachita zoyera zouma gwa, kenako sopo wakana kuchita thovu, ndiye munthu umangofika ponena kuti madzi a mzinda uno ndi oipa basi, n'kuyamba kugula a m'mabotolo kapena fyuluta yoti sukudziwanso kuti imachotsa chani. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti timasakaniza zinthu zitatu zosiyana: madzi kukhala otetezeka kumwa, madzi kukhala ndi laimu wambiri, ndi madzi kuoneka kapena kukoma bwino. Zimene mukuona ndi maso kawirikawiri si zimene zimadwalitsa, ndipo zambiri zimene zimadwalitsa sizioneka, sizinunkha, sizimveka n'komwe pakamwa. Nde musanataye ndalama tengani tambula yagalasi yotsuka bwino tiyambe kufufuza.

Pezani kaye kumene vuto likuyambira

Madzi asanafike pa mpopi wanu amachokera ku mtsinje, damu kapena pansi pa nthaka, amadutsa koyeretsera, amayenda m'mapaipi akuluakulu a mumsewu, kenako amalowa pa mita yanu n'kuyamba kuyenda m'mapaipi a m'nyumba, pena amakagona kaye mu thanki kapena mu giza. Paliponse pamenepa angathe kuonongeka, ndipo mankhwala ake amasiyana. Funso loyamba, kodi ndi mipopi yonse kapena umodzi? Ngati ndi umodzi vuto lili pa mpopi womwewo, kasefa kakang'ono ka kukamwa kwake kapena kapaipi ka pansi pa sinki. Kodi ndi madzi otentha okha? Ndiye pitani ku giza, a zamadzi asiyeni alibe mlandu. Kodi zimachitika mmawa wokha kapena mukabwera ku ulendo, kenako n'kutha madzi akayenda pang'ono? Amenewo ndi mapaipi anu, madzi agonamo usiku wonse. Koma ngati mpopi wapafupi kwambiri ndi mita ukutulutsa zomwezo tsiku lonse ndipo aneba nawonso akudandaula, vuto likuchokera kunja, imbani foni. Mafunso amenewa amaoneka achibwana koma amakupulumutsani kuitana pulambala pa vuto la mzinda, kapena kukalipira a zamadzi pomwe dzimbiri lili m'khoma mwanu momwe.

Madzi oyera mbuu saopsa nthawi zambiri. Tungani mu tambula, ikani pa tebulo, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu. Akayamba kuyera kuchokera pansi kukwera mmwamba umenewo ndi mpweya chabe, tinthovu ting'onoting'ono tomwe timalowa mapaipi akakonzedwa kapena pulesha ikasintha, imwani. Akayera kuchokera mmwamba n'kusiya zinthu pansi pa tambula, zimenezo ndi dothi, mchenga kapena laimu, ndipo ngati sakuyera olo patapita ola musamwe osawiritsa, auzeni a zamadzi.

Ofiira, achikasu kapena akuda

Apa kawirikawiri ndi dzimbiri. Mapaipi akale achitsulo amadyeka mkati, zinyalalazo zimangokhala phee pansi pa paipi mpaka tsiku limene madzi asiya n'kubweranso ndi mphamvu, kapena paipi yaphulika penapake, kapena ozimitsa moto atsegula mpopi wao waukulu, ndiye zonse zimavunduka n'kubwera kwanu. Chitsulo chikangopitirira 0.3 mg pa lita imodzi chimayamba kudetsa zovala ndi sinki, madzi n'kumamveka kachitsulo pakamwa. Akakhala akuda bii kapena akusiya zakuda mu thanki ya toileti amenewo ndi manganese, mtundu wina wa chitsulo umene umayendera limodzi ndi chitsulo wamba makamaka m'madzi a pansi pa nthaka. Chochita, tsegulani mpopi wa madzi ozizira womwe uli pafupi ndi mita muusiye uyende mpaka ayere, madziwo tungirani mu ndowa mukathirire maluwa kapena mugwiritse ntchito ku toileti. Wa madzi otentha musatsegule nthawi imeneyi chifukwa mukokera matope onse mu giza ndipo akatuluka pang'onopang'ono kwa masiku. Zovala zoyera dikirani kaye, ndipo zikadetsedwa kale musathire bulichi, amangolimbitsa banga la dzimbirilo. Tizidutswa takuda tomwe mukatifinya ndi chala timapaka ngati labala, ndi labaladi, wa mkati mwa mpopi kapena wa kapaipi kofewa kaja, wakalamba, sinthani.

Koma pali chinthu apa chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa anthu ambiri amayang'ana mtundu wa madziwo n'kuiwala choopsa chenicheni. Dzimbiri palokha silidwalitsa kwenikweni. Choopsa ndi chimene chimachitika madzi akasiya. Paipi ikakhala yodzaza ndipo ili ndi pulesha, pamene pali kabowo madzi amatulukira kunja, zoipa sizingalowe. Madzi akangosiya paipi imakhala yopanda kanthu ndipo pena imayamba kukoka ngati munthu akumwa ndi kapaipi komwera, ndiye chilichonse chili pafupi ndi kabowoko, madzi a mu ngalande, a mvula, olo a suweji ngati paipi ya suweji ikudontha pafupi, chimalowa mkati. Madzi akabwera aja oyambawo amakhala atanyamula zonsezi ndipo atha kuoneka oyera mbee. N'chifukwa chake m'mizinda imene madzi amabwera mosinthanasinthana matenda otsegula m'mimba savuta kufala olo koyeretserako ntchito ikuyenda bwino. Nde lamulo langa ndi ili, madzi akasiya n'kubweranso, oyambawo asakhale akumwa, asiyeni ayende kaye, ndipo akumwa a tsiku limenelo ndi lotsatira wiritsani. Zomwezi zimathanso kuchitika pakhomo panu pomwe, mwasiya paipi yothirira yamira mu ndowa ya madzi a sopo kapena a mankhwala a mbewu mpopi uli wotsegula, madzi n'kusiya, zija zimakokedwa kubwerera m'mapaipi a m'nyumba. Kukamwa kwa paipi kuzikhala pamwamba pa madzi nthawi zonse, osamiza.

Fungo

La klorini ndi limene anthu amadana nalo kwambiri koma ine ndimalikhalira kumbuyo. Mu 1854 dokotala John Snow anasonyeza kuti kolera imene inkapha anthu m'dera la Soho ku London inkachokera pa pampu imodzi ya madzi ya mu Broad Street, nthawi imene ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amayenda ndi mpweya woipa. Mu 1908 mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira klorini m'madzi ake mosalekeza, mizinda ina n'kutsatira, ndipo tayifodi inatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Klorini amathiridwa dala wotsalako kuti apitirize kuteteza madzi mu ulendo wonse wa m'mapaipi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa mpopi pazifika wosachepera 0.2 mg pa lita, ndipo malire ake apamwamba ndi 5 mg pa lita, pomwe mphuno ya munthu imayamba kumumva ali pansi kwambiri pa malire amenewo. Ndiye kumva kafungo sikutanthauza kuti athira wambiri, pena mwangokhala pafupi ndi koyeretsera, pena awonjezera pang'ono chifukwa kwagwa mvula yambiri kapena akonza paipi. Ngati akukuvutani tungani mu jagi, ikani mu firiji kwa maola angapo, fungo limachepa, koma madzi amenewo imwani tsiku lomwelo kapena mawa lake chifukwa chitetezo chija chachoka. Mizinda ina m'malo mwa klorini imagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa chloramine amene sauluka msanga, ameneyo amafuna fyuluta ya makala. Oweta nsomba za mu galasi samalani, klorini ndi chloramine onse awiri amapha nsomba.

Fungo la dzira lovunda lili ndi mayeso ake osavuta. Tungani madzi mu tambula, chokani pa sinki mupite chipinda china, nunkhizani. Ngati fungo palibe ndiye silichokera m'madzi, likuchokera mu dzenje la sinki momwe zakudya ndi sopo zikuwolera, madzi akamatsika amangolikankhira mmwamba, tsukani mmenemo. Ngati lili m'madzi otentha okha ndi giza, muli tizilombo tina timene timasandutsa sulphate kukhala mpweya wa hydrogen sulphide, makamaka giza ikakhala nthawi yaitali osayatsidwa kapena ikamangofunditsa madzi osatenthetsa, pulambala aikhuthule, aitsuke, aonenso kandodo ka magnesium ka mkati kamene kamateteza dzimbiri. Fungo la dothi kapena la nkhungu nthawi yotentha limachokera ku ndere za mu damu, zimatulutsa mankhwala otchedwa geosmin, yemwe mphuno zathu zimamumva olo atachepa chotani, sakoma koma sadwalitsa. Limene simuyenera kulinyengerera ndi la petulo, dizilo kapena mankhwala osungunulira penti. Mafuta otayikira pansi amatha kulowerera kudutsa khoma la paipi ya pulasitiki, apa siyani kumwa pompo, kuwiritsa sikuthandiza, imbirani a zamadzi tsiku lomwelo.

Madzi a laimu, aja okana thovu

Awa ndi amene akatswiri amati hard water ndipo ndi amene amanamiziridwa kwambiri. Madzi a mvula akamalowa pansi n'kudutsa m'miyala ya laimu kapena ya choko amasungunula calcium ndi magnesium n'kuyenda nazo. Basi nkhani yake ndi imeneyo, si uve, si kulephera kwa oyeretsa, ndi miyala ya kumene madziwo achokera. London ili ndi madzi a laimu wambiri chifukwa cha choko cha pansi pa dera limenelo, pomwe mizinda yambiri ya ku Scotland madzi ake ndi ofewa chifukwa amachokera m'mapiri a miyala yosasungunuka, dziko limodzi lomwelo. Olo mu mzinda umodzi mbali ina itha kumalandira a mu damu ofewa, mbali ina a m'zitsime zakuya olimba, nde musadabwe mukasamuka n'kupeza sopo yemwe uja wasintha khalidwe.

Muyezo wake amawerenga mamiligalamu a calcium carbonate pa lita. Pansi pa 60 ndi ofewa, 60 mpaka 120 ndi apakatikati, 120 mpaka 180 ndi olimba, kupitirira 180 ndi olimba kwambiri. Pa makina ochapira ena amalemba °dH, digiri imodzi yotero ndi pafupifupi 17.8 mg pa lita. Mulibe zoyezera? Tengani botolo loonekera mkati, thirani madzi osafika theka, dontheza madontho angapo a sopo weniweni wamadzimadzi, osati wotsukira mbale uja chifukwa iyeyo anapangidwa kuti achite thovu paliponse, tsekani, khutchumulani. Thovu lambiri madzi a pansi ali oyera, ndi ofewa. Thovu lochepa madzi achita mbuu, ndi a laimu. Zizindikiro zina mukuzidziwa kale, mawanga oyera pa matambula akauma, shawa yotseka mabowo n'kumalasa madzi cham'mbali, kachikopa pamwamba pa tiyi, matawulo okhakhala, khungu louma mukasamba.

Pa thanzi musaope. WHO sinaike malire a zaumoyo pa kulimba kwa madzi, calcium ndi magnesium ndi zinthu zomwe thupi limafuna kale. Amene amavutika ndi ketulo, giza, makina ochapira ndi thumba lanu chifukwa sopo amatha msanga ndipo eleminti yokutidwa ndi laimu imachedwa kutenthetsa kenako imapsa. Chimachitika n'chakuti madzi akatentha mbali ina ya laimu imatuluka n'kuuma pa chitsulo chotentha, n'chifukwa chake mumampeza mu ketulo osati mu chigubu cha madzi ozizira. Kuchotsa kwake, thirani viniga woyera ndi madzi mofanana mpaka kumiza laimu yenseyo, tenthetsani pang'ono, zimitsani, siyani kwa ola kapena usiku wonse ngati wakhuthala, tayani, tsukuluzani, wiritsani madzi ena kawiri n'kutaya kuti fungo lichoke. Citric acid amagwiranso ntchito yomweyo ndipo sanunkha. Osapala ndi mpeni kapena waya, mukanda eleminti. Mutu wa shawa masulani muviike mu viniga, ukakana kumasuka mangirirani kapepala ka pulasitiki kokhala ndi viniga pomwepo, kasefa ka kukamwa kwa mpopi chimodzimodzi. Pa matailosi a mabo kapena mwala wachilengedwe viniga ayi, amadya mwalawo. Ndipo chonde abale, viniga ndi bulichi zisakumane, kaya mu ndowa kaya mu sinki kaya mu toileti, zikasakanizika zimatulutsa mpweya wa klorini umene umaononga mapapo, anthu amakomoka nawo m'mabafa otseka.

Giza ikani pa madigiri 60 Celsius. Mukakweza kupitirira apo laimu amachuluka msanga, mukatsitsa kwambiri pofuna kusunga magetsi mukuitana Legionella, kachilombo kamene kamaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45 ndipo kamalowa m'mapapo kudzera mu nthunzi ya shawa. Kanadziwika pambuyo pa mliri wa chibayo wa ku Philadelphia ku America mu 1976. Nyumba ikakhala yotseka kwa masabata, tsegulani mawindo, yendetsani mipopi ndi shawa kwa mphindi zingapo musanasambe.

Ofuna kuthetseratu laimu m'nyumba yonse amaika softener, makina amene amachotsa calcium ndi magnesium n'kuikamo sodium wa mu mchere. Amagwiradi ntchito, koma siyani mpopi umodzi wa kukhitchini usadutse mmenemo kuti ukhale wa madzi akumwa, makamaka ngati m'nyumba muli khanda lomwa mkaka wa m'chitini kapena munthu amene adokotala anamuletsa mchere. Kuwiritsa kumachotsa mbali imodzi yokha ya laimu, ina yotsala ya sulphate ndi chloride siichoka, ndipo fyuluta ya makala wamba laimu siimukhudza n'komwe. Komanso musaganize kuti madzi ofewa ndiye abwino pa zonse. Madzi ofewa okhala ndi asidi pang'ono amadya mapaipi, n'chifukwa chake oyeretsa amayesetsa kuti pH, muyezo wa asidi m'madzi, ikhale pakati pa 6.5 ndi 8.5. Mukaona mawanga obiriwira kapena abuluu pa sinki umenewo ndi mkuwa wa m'mapaipi anu ukusungunuka. Ndipo madzi amene akudya mkuwa angathenso kudya mtovu, chitsulo chija pa Chingerezi amati lead, apa ndiye tafika pa zosaoneka zija.

Zimene tambula singakuuzeni

Mtovu ulibe mtundu, ulibe fungo, ulibe kakomedwe. Suchokera ku damu, umachokera m'mapaipi akale a mtovu, mu zomatira zakale zolumikizira mapaipi a mkuwa ndi m'mipopi ina ya brass. WHO inaika malire a 10 microgram pa lita, ndiye kuti 0.01 mg, koma imanenanso poyera kuti palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wabwino, ndipo amene amavulala kwambiri ndi ana aang'ono ndi ana amene ali m'mimba chifukwa umaononga kakulidwe ka ubongo. Zimene zinachitika mu mzinda wa Flint, Michigan ku America aliyense ayenera kuzidziwa. Mu April 2014 mzindawo unasiya kulandira madzi kuchokera ku Detroit n'kuyamba kutunga mu Flint River pofuna kuchepetsa ndalama, koma sanathire mankhwala oteteza mapaipi kuti asadyeke, madzi atsopanowo anasenda kachikopa koteteza ka mkati mwa mapaipi akale, mtovu n'kulowa m'madzi a m'nyumba za anthu, ndipo anthu atadandaula anauzidwa kwa miyezi yambiri kuti madzi ali bwino mpaka ofufuza ndi madokotala anasonyeza mu 2015 kuti mtovu wakwera m'madzi ndi m'magazi a ana. Nkhani imeneyi imandiwawa chifukwa makolo aja sanalakwe, ankaona kuti chinachake chasintha.

Ngati nyumba yanu ndi yakale onani paipi yolowa pafupi ndi mita. Ya mtovu imakhala yotuwa, yofewa, mukaikanda pang'ono ndi kiyi imawala ngati siliva ndipo maginito sakakamira. Mukaipeza, kapena mukukayika, mmawa uliwonse yendetsani madzi mpaka mumve kuti azizira asanakhale akumwa, kumwa ndi kuphikira zizichokera pa mpopi wa madzi ozizira okha chifukwa otentha amasungunula zitsulo kwambiri, tsukani kasefa ka pa mpopi pafupipafupi, ndipo kayezetseni ku labu. Kuwiritsa sikuchotsa mtovu, madzi akamauluka mtovu umatsalira n'kuchulukirako. Chimodzimodzi nitrate wochokera ku feteleza ndi zimbudzi, malire ake ndi 50 mg pa lita ndipo amaopsa kwa makanda chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Fluoride akapitirira 1.5 mg pa lita amasiya mawanga pa mano a ana, poizoni wa arsenic malire ake ndi 10 microgram pa lita ndipo wavutitsa anthu mamiliyoni ku Bangladesh kudzera m'zitsime. Zonsezi moto suzichotsa, nde mawu oti "ingowiritsani" ali ndi polekezera.

Pamene moto umagwira ntchito ndi pa tizilombo. Muyezo wa madzi akumwa ndi woti E. coli, kachilombo ka m'matumbo, asapezeke olo mmodzi mu 100 ml, akapezeka ndiye kuti chimbudzi cha munthu kapena cha nyama chafika m'madzimo. Klorini amapha zambiri koma kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamalimbana naye, mu 1993 ku Milwaukee ku America kanadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 kudzera m'madzi a pampopi omwe anali atadutsa koyeretsera. Ndiye mukamva chilengezo choti wiritsani madzi, kapena kwasefukira, kapena anthu angapo m'dera mwanu ayamba kutsegula m'mimba nthawi imodzi, wiritsani mpaka abwate ndithu, osati kungotentha, asiyeni abwate mphindi imodzi, kumalo okwera kupitirira mamita 2,000 mphindi zitatu. Madzi omwewo ndi otsukira mano, otsukira zipatso, opangira ayisi ndi a mkaka wa mwana. Ngati ali a matope dikhitsani kaye n'kusefa ndi nsalu yoyera. Mankhwala a klorini othira pakhomo tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo ndipo dikirani mphindi 30, bulichi wonunkhiritsa kapena wosakaniza ndi sopo asalowe m'madzi akumwa. Mwana kapena wokalamba akayamba kutsegula m'mimba kwambiri mpatseni ORS wosungunula m'madzi owiritsa, thamangani naye kuchipatala osadikira mawa.

Ndipo penapake tizinena zoona, madzi ambiri amafika pakhomo ali bwino n'kuonongekera m'manja mwathu. Thanki yopanda chivundikiro chokwana bwino imalowa fumbi, mbalame, abuluzi ndi makoswe, ikamalowa kuwala imamera ndere, klorini uja amatha madzi akagona masiku, pansi pamadzadza matope. Kwerani mukasuzumire kapena tumani munthu, ndipo muziikhuthula n'kuitsuka osachepera kamodzi pa chaka. Ngati mpopi wochokera molunjika ku mita ukupereka madzi abwino koma odutsa mu thanki akununkha, mwapeza kale wolakwa. Madzi owiritsa bwinobwino mukawasunga mu ndowa yotsegula aliyense n'kumaviika kapu ndi zala zake, ntchito yonse ija yapita pachabe, sungani mu chigubu cha kukamwa kwakung'ono chotseka, muzichita kutsanula.

Za timakina toyezera ndi mafyuluta

Kachipangizo kaja kooneka ngati cholembera kotchedwa TDS meter kasokoneza anthu ambiri. Iko kamangoyeza mmene madzi akudutsitsira magetsi n'kuyerekeza kuchuluka kwa michere yosungunuka, sikaona tizilombo, sikaona mtovu pa milingo yoopsa ija, sikasiyanitsa calcium wabwinobwino ndi poizoni. WHO imati madzi a TDS yosapitirira 600 mg pa lita amakoma bwino ndipo akadutsa 1,000 amayamba kuvuta kumwa, imeneyo ndi nkhani ya kakomedwe. Madzi a 40 atha kukhala ndi kolera, a 400 atha kukhala abwino kotheratu. Palinso ogulitsa ena amene amabwera ndi timitengo tiwiri tachitsulo tolumikiza ku magetsi, amaviika mu tambula ya madzi anu, mphindi pang'ono madzi asanduka ofiira ndi matope, n'kumati onani zimene mukumwa. Matopewo ndi chitsulo cha kamtengo kawoko chimene chikudyeka ndi magetsi, madzi alionse okhala ndi michere amatero, olo a m'botolo odula. Musagule chifukwa cha chionetsero chimenecho.

Fyuluta igulidwe molingana ndi vuto limene mwapeza. Ya makala ndi ya klorini, fungo ndi kakomedwe. Ya dongo lowotcha kapena ya timabowo ting'onoting'ono imagwira matope ndi tizilombo tambiri koma mavairasi ena amadutsa. Nyali ya UV imapha tizilombo pokhapokha madzi ali oyera ndipo magetsi alipo. Fyuluta yotchedwa reverse osmosis ndi imene imachotsa mtovu, nitrate, fluoride, arsenic ndi laimu yemwe, koma imataya madzi ambiri ndipo imafuna pulesha yabwino. Iliyonse mwa izi ikapitirira nthawi yake osasinthidwa imasanduka chisa cha tizilombo, makamaka ya makala chifukwa yachotsa klorini yemwe akanateteza, nde lembani deti pa fyulutayo tsiku limene mwaiika.

Njira yokhayo yodziwira zosaoneka ndi labu. Yambani ndi kufunsa a zamadzi lipoti la mayeso a dera lanu, amayeza pafupipafupi ndipo m'maiko ambiri amayenera kuonetsa zotsatira kwa amene akufuna, koma kumbukirani kuti lipoti lao silinena za mapaipi ndi thanki ya m'nyumba mwanu. Mukafuna kuyezetsa nokha katengeni botolo ku labu komweko, osati lanu lakale la zakumwa. Sampulo ya tizilombo imafuna botolo lophedwa majeremusi, osakhudza mkati mwa chitsekerero, kuisunga pozizira n'kuifikitsa tsiku lomwelo, pomwe ya mtovu kawirikawiri amafuna madzi oyambirira a mmawa amene agona m'mapaipi maola osachepera 6, ndiye afunseni kaye musanatunge. Pokadandaula musangoti madzi ndi oipa, nenani tsiku ndi nthawi imene zinayamba, mtundu kapena fungo lake, ngati ndi mpopi wapafupi ndi mita, ngati madzi anasiya dzulo lake, ndi nyumba zingati zimene zakhudzidwa, jambulani tambulayo pa foni itatsamira pepala loyera, sungani botolo limodzi la madziwo, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu kuti mukaimbanso musayambirenso pachiyambi. Aneba anu nawonso aimbe aliyense payekha, madandaulo ambiri ochokera mu msewu umodzi ndi amene amawathandiza kupeza paipi imene yaphulika.